Kulera kwa pangozi: mafunso ndi mayankho kwa atsikana, amayi ndi azachipatala ku Salima

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amamveka kawirikawiri m'zipinda za kulera, m'magulu a achinyamata ndi pa kauntala ya famase kuno ku Salima. Ena ndi a atsikana ndi amayi, ena ndi a anamwino ndi alangizi a zaumoyo. Tawaika pamodzi mwadala, chifukwa chimene chimalepheretsa njirayi nthawi zambiri si mankhwala ayi, koma maola amene amatayika: mtsikana ali duu kunyumba ndi manyazi, kapena wafika kuchipatala n'kuuzidwa kuti abwerenso Lolemba.

Kodi kulera kwa pangozi n'chiyani?

Ndi njira yopewera mimba pamene kugonana kosadziteteza kwachitika kale. Ilipo ya mitundu iwiri: mapiritsi ndi lupu ya kopa, yomwe imaikidwa m'chiberekero. Mapiritsi amene amapezeka kwambiri ndi a levonorgestrel, omwe ambiri amawadziwa ndi dzina la pa paketi monga Postinor-2. Alipo ena a ulipristal, a 30 mg, koma sapezeka paliponse. Mapiritsi olera a tsiku ndi tsiku, monga Microgynon ndi Microlut, nawonso amatha kugwira ntchitoyi akamwedwa pa mlingo wake, ndipo zimenezi tazifotokoza m'gawo la azachipatala.

Ndili ndi nthawi yaitali bwanji?

Imwani lero lomwe, ola lomwe mwawapeza. Mapiritsi a levonorgestrel amagwira bwino kwambiri m'maola 72 oyambirira, omwe ndi masiku 3. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization limati akhoza kumwedwabe mpaka maola 120, masiku 5, ngakhale mphamvu yake imakhala ikutsika tsiku ndi tsiku. Lupu ya kopa imaikidwa mkati mwa masiku 5 omwewo.

Kuwerenga kumayambira pa ola limene munagonana, osati m'mawa mwake. Ngati zinachitika Lachisanu usiku, maola 72 atha Lolemba usiku, ndipo maola 120 atha Lachitatu usiku. Apa ndiye pamene ambiri amaphonya. Wina amamva za maola 72, n'kuganiza kuti ali ndi masiku atatu oti aganizire, pamene dzira lake mwina lituluka mawa. Wina amafika tsiku lachinayi, n'kubwezedwa kuti wachedwa, pamene thandizo linalipo ndithu.

Kodi kumeneku si kuchotsa mimba?

Ayi. Mimba siyamba usiku womwewo umene anthu agonana. Mbewu ya mwamuna imatha kukhala ndi moyo m'thupi la mkazi mpaka masiku 5, ikudikira dzira. Dzira nalo likatuluka limakhala maola 12 mpaka 24 okha. Ntchito ya mapiritsi a pangozi ndi kuchedwetsa dzira kuti lisatuluke mpaka mbewu ija itafa. Zili ngati kutseka pakhomo la khola mbuzi isanatuluke: ikakhala yatuluka kale, kutsekako sikuibweza. N'chifukwa chake mapiritsi amalephera kwa mkazi amene dzira linatuluka asanamwe.

Mimba ikakhala yakhazikika kale m'chiberekero, mapiritsiwa saichotsa, ngakhale mutamwa mapaketi angapo. Komanso savulaza mwana amene ali m'mimba. Mayi amene anamwa osadziwa kuti ali ndi pakati asade nkhawa kuti abereka mwana wolumala chifukwa cha mapiritsiwa.

Amathandiza kwa anthu angati?

Tiyerekeze amayi 100 amene agonana kamodzi osadziteteza mu sabata yachiwiri kapena yachitatu kuchokera tsiku limene anayamba kusamba. Popanda chilichonse, pafupifupi 8 atenga mimba. Onse atamwa levonorgestrel, 1 ndiye angatenge. Atamwa Microgynon pa mlingo wa pangozi, angatenge ndi 2. Lupu ya kopa ndiyo imaposa zonse: mwa amayi 100 oikidwa lupu, oposa 99 satenga mimba.

Ndi pa zochitika ziti pamene ndiyenera kuwafuna?

Mukagonana popanda njira iliyonse yolera. Kondomu ikang'ambika, ikavuka kapena ikatsalira mkati. Mwamuna akalonjeza kuti athira panja koma osakwanitsa. Mukagwiriridwa.

Palinso zina zimene amayi olera kale saziganizira. Ngati mumamwa Microgynon ndipo mwadumphitsa mapiritsi 3 kapena kuposa, makamaka mu sabata yoyamba ya paketi, kapena mwachedwa masiku 3 kuyamba paketi yatsopano, chitetezo chachepa. Wa Microlut ngakhale kuchedwa maola oposa 3 n'kokwanira. Wa jakisoni wa Depo kapena Sayana Press ali pangozi akapitirira masabata 4 kuchokera pa tsiku limene linalembedwa m'kabuku ka kuchipatala. Lupu ikatuluka yokha, kapena njira ya pamkono ikapitirira zaka zake, nkhani ndi yomweyo.

Paketi yanga ili ndi mapiritsi awiri. Ndimwe bwanji?

Yang'anani nambala yolembedwa pa paketi. Mlingo wonse wofunika ndi 1.5 mg. Mapaketi ena ali ndi piritsi limodzi la 1.5 mg, ndiye mumangomwa limodzilo basi. Ena ali ndi awiri a 0.75 mg. Kapepala ka mkati kangakuuzeni kuti lachiwiri mumwe pakatha maola 12, koma kumwa onse awiri nthawi imodzi kumagwira chimodzimodzi, ndipo ndi kumene timalimbikitsa, poti lachiwirilo ambiri amaliiwala kapena amagona nalo. Imwani ndi madzi. Kudyako kanthu, kaya ndi nthochi kapena phala, kumachepetsa nseru. Musanatsegule, onani tsiku lotha ntchito ndipo onetsetsani kuti kapepala konyezimira kophimba piritsi sikanaboweke.

Ndasanza nditangomwa. Nditani?

Ngati mwasanza asanathe maola 2, mankhwala mwina sanalowe m'magazi, choncho mwaninso mlingo wonse. Kwa ulipristal malire ake ndi maola 3. Mukasanza nthawi imeneyi itadutsa, palibe chifukwa chobwereza.

Ndiyembekezere zotani m'thupi, nanga ndidziwa bwanji kuti zatheka?

Ena samva chilichonse. Ena amamva nseru, mutu, chizungulire, kufooka, kupweteka kwa mabere kapena m'mimba pang'ono, ndipo zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Timadontho ta magazi tikhoza kuoneka masiku angapo otsatira. Timadontho timeneti si umboni woti mankhwala agwira, ndipo kusaoneka kwake si umboni woti alephera. Atsikana ambiri amamwa paketi yachiwiri chifukwa "magazi sanatuluke", pamene sipanayenera kutuluka kanthu.

Chizindikiro chenicheni ndi msambo wotsatira. Ukhoza kufulumira kapena kuchedwa masiku ochepa. Ukachedwa kuposa masiku 7, kapena ukabwera wochepa modabwitsa, kayezetseni mimba. Ngati simusunga masiku anu, yezetsani pakatha masabata 3 kuchokera tsiku limene munagonana. Kuyeza mkodzo m'mawa mwake sikuonetsa kanthu.

Chimodzi chokha musachizengereze: kupweteka kwambiri m'munsi mwa mimba, makamaka mbali imodzi, msambo utachedwa, pamodzi ndi chizungulire kapena kukomoka. Imeneyi ikhoza kukhala mimba yomera m'njira ya dzira, kunja kwa chiberekero. Mapiritsi a pangozi sayambitsa vutoli, koma likachitika limapha msanga chifukwa magazi amatayikira mkati. Pitani kuchipatala chachikulu cha boma ku Salima nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Akuti ukamwa kawirikawiri sudzabereka. N'zoona?

Si zoona. Mankhwalawa amachoka m'thupi m'masiku ochepa, saunjikana m'chiberekero, ndipo satseka njira ya dzira. Zoona zake ndi zosiyana ndi mphekeserayo: mphamvu yobereka imabwerera msanga kwambiri, moti mukagonananso osadziteteza mawa lake, piritsi la dzulo silikutetezani. Dzira linangochedwetsedwa, likubwerabe.

Kumwa kawiri mwezi umodzi n'kololedwa ngati ngozi yachitika kawiri. Vuto lodalira njirayi mwezi ndi mwezi ndi lina: msambo umasokonekera moti simudziwanso pamene muli, ndalama zimathera ku famase, ndipo chitetezo chake n'chochepa poyerekeza ndi jakisoni, njira ya pamkono kapena lupu. Kuwonjezera apo, sateteza ku HIV, chindoko, chinzonono kapena matenda ena opatsirana pogonana. Zimene zimatsekadi njira ya dzira ndi matenda ngati chinzonono akakhala osachiritsidwa.

Ndimamwa ma ARV. Kodi agwira?

Zitengera mtundu umene mukumwa, ndipo funso limeneli lisadumphidwe. Ma ARV amene ambiri akulandira masiku ano, a 13A, ali ndi dolutegravir, ndipo salimbana ndi mapiritsi a pangozi. Imwani mlingo wamasiku onse. Koma a 5A ali ndi efavirenz, amene amachititsa chiwindi kuphwanya levonorgestrel mofulumira, moti wotsala m'magazi amachepa. Zomwezo zimachitika ndi rifampicin wa chifuwa chachikulu, rifapentine wa m'mankhwala opewera TB, ndi mankhwala a khunyu monga carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone. Mphamvu imeneyi imakhalapobe mpaka masabata 4 munthu atasiya kumwa.

Kwa anthu amenewa njira yabwino ndi lupu ya kopa, poti chiwindi chilibe nayo ntchito. Ngati lupu sitheka, malangizo amene anatuluka ku Britain mu 2016 amati mlingo wa levonorgestrel uwirikizidwe kawiri, ukhale 3 mg nthawi imodzi. Musasiye ma ARV kapena mankhwala a khunyu kuti piritsi ligwire. Tengani kabuku kanu kapena botolo la mankhwala, muwaonetse anamwino.

Nanga woyamwitsa, wa BP, kapena wonenepa?

Woyamwitsa akhoza kumwa levonorgestrel ndi kupitiriza kuyamwitsa. Kuyamwitsa pakokha kumateteza pokhapokha zinthu zitatu zili pamodzi: mwana sanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo msambo sunabwerere. Chimodzi chikasowa, mimba ikhoza kulowa. Mayi wosayamwitsa mokwanira akhoza kutenga mimba kuyambira masiku 21 atachira, ndipo amene wapita padera ngozi imayamba patangotha masiku 5.

Odwala BP, shuga, mtima kapena mutu waching'alang'ala, amene amaletsedwa Microgynon wa tsiku ndi tsiku, akhoza kumwa levonorgestrel wa pangozi poti ndi kamodzi kokha. Kwa onenepa kwambiri mphamvu yake ikhoza kuchepa, choncho auzidwe za lupu, koma asamanidwe mapiritsi.

Lupu ya pangozi imaikidwa bwanji?

Ndi kapulasitiki kakang'ono kooneka ngati chilembo cha T, kokulungidwa ndi waya wa kopa, ndipo kali ndi timaulusi tiwiri kumunsi. Namwino wophunzitsidwa amayamba wafunsa mafunso otsimikizira kuti mulibe mimba ndi kale, amayang'ana khomo la chiberekero ngati pali mafinya kapena chizindikiro cha matenda, amayeza kuzama kwa chiberekero, kenako amalowetsa lupu ndi kudula timaulusi. Zimatenga mphindi zochepa, ndipo kupweteka kwake kumafanana ndi cham'mimba cha msambo. Kopa ndiye amafooketsa mbewu ya mwamuna kuti isakumane ndi dzira.

Ubwino wake ndi woti ngozi ikatha lupu imatsala ikukutetezani zaka 10 kapena kuposa, ndipo mukafuna mwana amaichotsa tsiku lomwelo. Miyezi yoyambirira msambo ukhoza kuchuluka ndi kupweteka. Mtsikana amene sanaberekepo akhoza kuikidwa lupu. Siipita kumtima kapena kumutu monga ena amanenera.

Ndingazipeze kuti kuno ku Salima?

Kuchipatala cha boma cha Salima ndi m'zipatala zazing'ono za boma, monga ku Khombedza, Chipoka ndi Lifuwu, njira zolera ndi zaulere. Zipatala za Banja La Mtsogolo ndi mafamase ovomerezeka nawonso ndi malo ofunsako, molipira. Zipatala zina za mishoni, makamaka za Katolika, sizipereka njira zolera zamakono, choncho funsani musanalipire kabaza. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu akhoza kukhala nawo kapena kukuuzani kumene ali pafupi.

Loweruka, Lamulungu kapena usiku, chipinda cha kulera chikakhala chotseka, pitani kumene akuonera odwala obwera mwadzidzidzi kapena kuchipinda cha amayi oyembekezera, komwe anamwino sachokako. Nenani mosabisa kuti, "Anamwino, ndikufuna mapiritsi olera a pangozi, zinachitika dzulo usiku." Mukayamba ndi kudandaula mutu kapena m'mimba poyembekezera kuti adzakufunsani okha, mutuluka ndi Panado.

Musagule mapiritsi oyalidwa padzuwa pamsika kapena ogulitsidwa padoko, osadziwika kumene achokera. Mankhwala abodza ndi otha ntchito alipo, ndipo kutentha kwa kunyanja kuno kumawawononga. Malo ogulitsa mankhwala ayenera kukhala ndi chiphaso cha bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Mwamuna nayenso akhoza kukagula, ndipo ndi bwino atero m'malo mosiyira mkazi yekha.

Ndili pasukulu, sindili pabanja. Andipatsa popanda makolo kapena mwamuna?

Inde. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limalamula wachipatala kupereka njira zolera kwa aliyense wozifuna, posayang'ana kuti ali pabanja kapena ayi, kapena kuti wabwera ndi mwamuna wake. Thandizo la achinyamata m'zipatala linakonzedwera a zaka 10 mpaka 24, ndipo zimene mwakambirana ndi namwino ndi zachinsinsi. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi mimba yoyamba. Mtsikana wa Fomu 2 amene walimba mtima kufika pakhomo la chipatala wachita chinthu chanzeru, ndipo ayenera kulandiridwa motero.

Ndagwiriridwa. Ndiyambire kuti?

Yambirani kuchipatala, lero lomwe. Si mlandu wanu, ngakhale wokuchitani zimenezi ndi wachibale, bwenzi kapena mwamuna wanu. Pali mawotchi awiri amene akuyenda: mapiritsi opewera mimba mpaka maola 120, ndi mankhwala opewera HIV, a PEP, amene ayenera kuyambika asanathe maola 72 ndi kumwedwa masiku 28. Mudzalandiranso mankhwala a matenda ena opatsirana pogonana ndi chisamaliro cha mabala. Kalata ya kupolisi isachedwetse mankhwala. Ku Victim Support Unit mukhoza kupita pambuyo pake.

Ngati n'kotheka musasambe kaye, ndipo zovala zimene munavala muzikulunge m'pepala, osati mu jumbo, poti chinyezi chimawononga umboni. Ngati mwasamba kale, pitanibe. Pa nkhani ya mwana, nambala ya foni yaulere ya 116 imathandiza. Makolo, musayambe ndi kukambirana kwa amfumu kapena kudikira malume a mwana achokere kunyanja, maola akutha.

Anzanga amati kusamba, kukodza kapena kumwa Panado wambiri ndi koka kumathandiza.

Palibe chimene chimathandiza pa zimenezi. Mbewu imalowa m'khomo la chiberekero m'mphindi zochepa, kumene madzi ndi sopo safika, ndipo mkodzo uli ndi njira yakeyake. Panado wambiri amawononga chiwindi mpaka kupha. Mankhwala a malungo, makapisozi ndi zitsamba zowawa nazonso siziletsa dzira kutuluka.

Kwa azachipatala: ndifunse chiyani ndisanapereke?

Mafunso anayi akwanira. Zinachitika liti, tsiku ndi ola? Msambo womaliza unayamba liti, ndipo unali wamasiku onse? Akumwa mankhwala anji? Kodi anavomera, kapena anakakamizidwa? Funso lomalizali lifunsidwe chitseko chili chotseka, woperekeza ali panja, makamaka ngati ndi mwana wosakwana zaka 18.

Mapiritsi a pangozi safuna kuyeza mimba, kuyeza BP kapena kuyang'ana kumaliseche musanapereke. Kusowa kwa zoyezera mimba si chifukwa chobwezera munthu. Ngati msambo wadutsa kale, yezani ngati zoyezera zilipo, koma mukakayika perekani, poti piritsi silivulaza mimba imene ilipo. Mpatseni madzi amwere pomwepo. Uphungu wonse ubwere piritsi litamezedwa. Mzere wa kulera ukakhala wautali, uzani wolembera pakhomo kuti wofuna za pangozi asadikire mpaka masana.

Mapiritsi a pangozi atha m'kabati. Ndimubweze?

Ayi, tsegulani kabati ya mapiritsi a tsiku ndi tsiku. Piritsi la Microlut lili ndi 0.03 mg ya levonorgestrel, choncho mapiritsi 50 omwedwa nthawi imodzi akwanitsa 1.5 mg. Nambalayi imaopsa, ndiye mufotokozereni kuti onse pamodzi akufanana ndi piritsi limodzi lija, ndipo muwerengereni pamaso pake.

Ngati kulibe Microlut, gwiritsani Microgynon: mapiritsi 4 tsopano, ena 4 pakatha maola 12. Atengedwe mwa 21 oyambirira aja. Asanu ndi awiri omalizira, a mtundu wina, alibe mphamvu yolera, ndipo kulakwitsa kumeneku kumachitika munthu akapatsidwa paketi yonse popanda kumuonetsa. Dulani ndi sizasi mizere iwiri ya mapiritsi anayianayi, mulembe ola la mlingo wachiwiri pa kapepala. Njira imeneyi imachititsa nseru ndi kusanza kwambiri kuposa zinazo, choncho adye kaye, ndipo mankhwala oletsa kusanza, ngati alipo, amwe theka la ola kapena ola limodzi asanayambe. Lembani m'kaundula kuti mwapereka ngati za pangozi, kuti oitanitsa mankhwala aone kuti zikufunidwa.

Njira yokhazikika ayambe liti?

Atamwa levonorgestrel kapena Microgynon, akhoza kuyamba tsiku lomwelo: jakisoni kapena njira ya pamkono pomwepo, mapiritsi a tsiku ndi tsiku mawa lake. Palibe chifukwa chomuuza kuti adikire msambo, poti ambiri ouzidwa choncho amabwerera ali ndi pakati. Agwiritse kondomu kapena adziletse masiku 7 oyambirira, kapena masiku 2 ngati wayamba Microlut, ndipo adzayezetse mimba msambo ukapanda kuoneka pakatha masabata 3. Ulipristal yekha ndiye wosiyana: njira za mahomoni ziyambe patatha masiku 5, chifukwa zimafooketsa mphamvu yake.

Wabweranso kachitatu. Ndimudzudzule?

Mpatseni, kenako mufunse chimene chikumulepheretsa njira yokhazikika. Mayankho ake amakhala ndi nzeru. Wina mwamuna wake ndi msodzi, amabwera mosayembekezereka, ndipo saona chifukwa chobayitsa jakisoni bambo kulibe. Wina amaopa kuti apongozi aona chipsera cha pamkono. Wina amagula usipa padoko kwa asodzi ofuna kugona naye ndipo alibe mphamvu yokana kapena youmiriza kondomu. Aliyense wa amenewa ali ndi njira yomuyenera: Sayana Press wodzibaya yekha kunyumba, lupu imene sioneka, makondomu a amayi, ndipo kwa amene ali pa chiopsezo cha HIV, mankhwala a PrEP, opewera HIV munthu asanaitenge. Mukamukalipira, sasiya kugonana. Amangosiya kubwera kwa inu.

Kodi n'kololedwa kumupatsa osunga kunyumba ngozi isanachitike?

Inde, ndipo kwa amene amakhala kutali, kumene nthawi ya dzinja mitsinje imadzaza njira n'kuduka, n'kothandiza kwambiri. Kafukufuku waonetsa kuti okhala nawo pafupi amamwa msanga, ndipo sizichititsa kuti azigonana mosasamala kuposa kale. Muuzeni asunge paketi yosatsegula pamalo ouma ndi ozizirirapo, monga pansi m'sutikesi ya zovala, osati pawindo, kukhitchini kapena kutsindwi pafupi ndi malata. Mulembereni tsiku lotha ntchito m'kabuku kake, ndipo likayandikira abwere adzasinthe.